Kalata yokuchotsani padamu ili ndi masiku 21 okha

Mayi, mwalemba kuti kwa zaka zinayi mwakhala mukugulitsa chimanga chootcha, tchipisi ndi zakumwa m'mbali mwa damu lina kumwera kwa Johannesburg, ndipo chiphaso cha khonsolo muli nacho, cha dzina lanu. Tsopano malowo akuwakonza kuti anthu azidzapumako: mpanda, kanjira kozungulira madzi, mabenchi, posewerera ana. Kalata inabwera yoti chiphaso chanu chathetsedwa, kenako apolisi a mzinda anakunyamulirani tenti ndi chiwaya, ndipo alamu anu akuti mudekhe chifukwa khansala analonjeza msonkhano. Mukufunsa kuti ngati malowo akukonzera anthu onse, inuyo si munthu kodi?

Funso limenelo liyambe ladikira. Tengani kalata ija, mukumbukire tsiku limene inakufikani m'manja.

Ndime 62 ya Municipal Systems Act ya 2000, lamulo la South Africa loyendetsera makhonsolo, imati amene ufulu wake wakhudzidwa ndi chigamulo cha wogwira ntchito wa khonsolo akhoza kuchita apilo. Koma apiloyo ikhale yolemba, yonena zifukwa zake, ndipo ifike kwa manijala wa mzinda pasanathe masiku 21 chidziwitsidwireni. Masiku ake ndi apakalendala. Tsiku lolandira kalata siliwerengedwa, koma Loweruka ndi Lamlungu zimalowa m'chiwerengero. Amakuonjezerani tsiku pokhapokha lomalizalo likagwa pa Lamlungu kapena pa holide. Mwati padutsa masabata awiri. Ndiye kuti mwatsala ndi sabata imodzi, mwinanso siikwana.

Milandu yambiri yooneka bwino ndaiona ikufera pamenepa, osati pamaso pa woweruza ayi. Anthu amatanganidwa ndi zinthu zooneka ngati nkhondo: kusainitsa mayina papepala, kutumiza mauthenga pa WhatsApp kwa khansala, kukhala pabenchi ku ofesi kuyambira m'mawa mpaka wina atulukire n'kunena kuti "tikuziona". Zonsezo si apilo. Khansala, ngakhale akhale wamtima wabwino chotani, alibe mphamvu yoimitsa masiku amene lamulo laika. Msonkhano umene alamu anu akuudikirawo mukhoza kupitako, koma pitani pepala lanu litadindidwa kale. Iwo chiphaso si chawo, ndipo masiku akatha sadzataya kanthu.

Msampha wina uli m'kati mwa womwewu, ndipo umakola amene awerengako pang'ono. Lamulo lotchedwa PAJA (Promotion of Administrative Justice Act), la 2000, loonetsetsa kuti maofesi a boma akugamula zinthu mwachilungamo, limakupatsani masiku 90 oti mupemphe zifukwa zolembedwa, ndipo ofesi ili ndi masiku ena 90 oti iyankhe. Ndiye munthu amati, "Ndiyambe ndamva zifukwa zawo, apilo ibwera pambuyo." Yankho likamafika, masiku 21 aja anatha kalekale. Ndime 62 sinalembe paliponse kuti kupempha zifukwa kumaimitsa nthawi, kapena kuti wochedwa azikhululukiridwa. Choncho chitani zonse tsiku limodzi: apilo yonena zomwe mukudziwa lero, pempho la zifukwa, ndi mzere umodzi woti mudzaonjezera mfundo akakuyankhani.

Mukalumpha sitepe imeneyi, khothi nalo limakutsekerani. PAJA yomweyo imati woweruza asaunike chigamulo cha boma munthu asanayese njira ya apilo imene ilipo, kupatula ngati pali zifukwa zapadera, ndipo mlandu ulowe mosazengereza, pasanathe masiku 180. Masiku 180 amenewo khothi likhoza kuwatalikitsa, koma muyenera kufotokoza kumene munali. Chimodzimodzi pempho lachangu ku High Court: funso loyamba limakhala lakuti ngati zinali zachangu, bwanji mwabwera patatha miyezi iwiri?

Kodi mupambana? Sindikulonjezani. Businesses Act ya 1991 imalola khonsolo kuletsa malonda m'mapaki ndi m'minda ya maluwa imene anthu onse amalowamo, choncho mfundo yoti "ndakhalapo zaka zinayi" payokha ndi yofooka. Mphamvu yanu ili pa mmene anakuchotserani. Lamulo limafuna kuti akuchenjezeni nthawi ilipo, akupatseni mpata wonena mbali yanu, ndipo akuuzeni kuti mukhoza kuchita apilo ndi kupempha zifukwa. Kalata zambiri za mtundu umenewu zimangokhala mizere itatu ndi siginecha yosawerengeka, ngati kuti wolembayo sanamvepo za lamuloli. Ngati yanu ili choncho, inenereni mu apilo. Mu 2013, mzinda utachotsa ogulitsa masauzande m'misewu yapakati pa tauni pa Operation Clean Sweep, Constitutional Court, khothi lalikulu kwambiri m'dziko muno, inalamula mu Disembala kuti amene anali ndi zilolezo abwerere. Chigamulo chimenecho chimathandiza, koma awo anali amumsewu, osati amupaki. Chimene chingatheke kwa inu mwina ndi kubwezeretsa chiphaso kwa kanthawi kapena kupatsidwa malo ena pafupi, osati kuimitsa ntchito yonse.

Za mapepala anu okhalira kuno simunanene. Ufulu woti boma likuchitireni zinthu mwachilungamo, mu ndime 33 ya malamulo aakulu a South Africa, ndi wa aliyense; wosankha ntchito kapena malonda, mu ndime 22, ndi wa nzika zokha. Ngati muli pa chidindo cha mlendo kapena chinatha, muuzeni loya zoona musanasaine chikalata chilichonse cholumbira.

Zotsalazi mwachidule. Apilo mupite nayo nokha, mapepala awiri ofanana, limodzi adinde ndi deti mubwere nalo. Tumizaninso pa imelo. Fotokope ya chiphaso, malisiti a lendi ndi kalata ija ziphatikizidwe, zenizenizo zikhale kunyumba. Musaganize kuti apilo ikangolowa ndiye mwaloledwa kukayatsanso moto padamu. Pemphani zimenezo molemba, apo ayi mutaya chiwaya chachiwiri. Katundu wolandidwa amayenera kukhala ndi lisiti lonena zomwe atenga ndi kokaziombola. Ngati sanakupatseni, lembani lero tsiku, nthawi, nambala ya galimoto ndi mboni. Mukafuna kudzalipitsa khonsolo pa zomwe zatayika, chidziwitso cholemba chiwafike pasanathe miyezi 6. Yendani m'mbali mwa mpandawo muone ngati pakhomedwa chikwangwani chokhudza chilolezo cha zachilengedwe: ngati chilipo, lembetsani dzina kwa amene atchulidwa pamenepo, chifukwa nthawi yopereka maganizo imakhala masiku 30 ndipo wosalembetsa sauzidwa zotsatira.

Thandizo laulere yesani ku Legal Aid South Africa, kapena ku Braamfontein kumene kuli mabungwe a maloya monga SERI (Socio-Economic Rights Institute), Lawyers for Human Rights ndi Wits Law Clinic. Onsewa amasankha milandu ndipo mzere umatalika, choncho musadikire kuti akuitaneni. Ngati loya sanapezeke pofika mawa, lembani apiloyo ndi dzanja lanu m'Chingerezi chosavuta, tsamba limodzi likwana, mukadinditse.