Kodi maphunziro a AP ndi mayeso a SAT amathandiza bwanji kupeza malo ku yunivesite ku America?

Funso: Mwana wanga wamkazi akulowa giredi 11 kuno ku America. Anzake akumuuza kuti atenge maphunziro a AP asanu ndi limodzi chaka chino, apo ayi sadzapeza malo pa yunivesite yabwino. Nanga SAT ikadali yofunika?
Mayi wa ku Maryland

Yankho: Mayi, AP (Advanced Placement) ndi maphunziro a mulingo wa ku koleji amene amaphunzitsidwa ku sekondale, ndipo SAT ndi mayeso olowera ku yunivesite. Osankha ophunzira ku yunivesite amayamba kuona magiredi a mwana kuchokera giredi 9, n'kuwayerekeza ndi maphunziro amene sukulu yakeyo imaphunzitsa. Ngati sukuluyo ili ndi AP atatu okha, palibe amene angamufunse za khumi. Koma akakhalapo ambiri iye n'kumawazemba onse, zimaonekera.

Asanu ndi limodzi achuluka. Phunziro lililonse la AP limalemera ngati la chaka choyamba ku koleji, ndipo mwana akasenza mopitirira magiredi amagwa onse pamodzi. Atatu kapena anayi ogwirizana ndi zomwe akufuna kudzaphunzira ndi okwanira. Wofuna uinjiniya asasiye Calculus ndi Physics.

Pamene makolo ambiri amasokonezeka ndi pa nthawi. Mayeso a AP amalembedwa mu Meyi, zotsatira zake, zoyambira 1 kulekeza 5, zimatuluka mu Julayi. Mafomu a yunivesite amatumizidwa ali giredi 12, pakati pa Novembala ndi Januwale, mayankho n'kubwera pofika Epulo. Choncho zotsatira za chaka chino ndizo osankha adzazione. Za giredi 12 zimafika malo atagawidwa kale, ndipo ntchito yake ndi kumuchotsera maphunziro ena a chaka choyamba: makoleji ambiri amalandira 3, okhwimitsa amafuna 4 kapena 5.

SAT imayambira 400 kulekeza 1600. M'chaka cha 2020 mayunivesite ambiri anasiya kuikakamiza, koma mu 2022 yunivesite ya MIT inalengeza kuti ikuibwezeretsa, ndipo mayunivesite a Dartmouth, Brown ndi Harvard analengeza chimodzimodzi mu 2024. University of California siyiyang'ana n'komwe. Kumene mwana amasankha yekha kutumiza malikisi a SAT kapena ayi, fufuzani chikalata cha Common Data Set (chomwe chimaonetsa ziwerengero za ophunzira) cha yunivesiteyo, muone malikisi a amene analowa chaka chatha. Akafanana nawo kapena kuwaposa atumize, akachepa kwambiri asatumize. Ayambe kulemba mu Malichi kapena Meyi ali giredi 11, kuti mpata wobwereza mu Ogasiti kapena Okutobala ukhalepo.