Mwana wanga amakhala ku Mouraria, ndipiteko?

FUNSO: Mwana wanga wamkazi akuphunzira za unamwino ku Lisboa, ndipo wandiitana kuti ndikamuone mu Juni. Amachita lendi ku Mouraria, dera lina la mumzindawo. Alamu anga, amene anakhalapo ku Portugal kalekale, akuti kumeneko ndi kwa akuba ndi osuta chamba. Ndipite, kapena ndimuuze asamuke?
Mayi wodandaula, Ulongwe

YANKHO: Pitani mayi, ndipo mwanayo musamusamutse. Alamu anuwo sakunama ayi, koma akunena za Mouraria wa nthawi yawo. Ine ndinakhalako masabata awiri chaka chatha, kwa mphwanga, m'kachipinda koyang'ana msewu wa Rua do Benformoso.

Deralo ndi la obwera chiyambire. Mfumu Afonso Henriques italanda Lisboa mu 1147, Asilamu amene anatsala, omwe Apwitikizi ankawatcha Mouros, anawaika kunja kwa linga, m'munsi mwa nyumba yachitetezo ya pa phiri yotchedwa Castelo de São Jorge. Dzinalo linachokera pamenepo. M'zaka za alamu anuwo nyumba zinali zogumukagumuka, mankhwala ozunguza bongo akugulitsidwa poyera. Eni dera atatopa nazo anayambitsa bungwe la Renovar a Mouraria mu 2008, ndipo mu 2011 António Costa, amene anali meya wa mzindawo, anasamutsira ofesi yake pa Largo do Intendente, pamalo pomwe anthu ankaopa kudutsa. Misewu ndi mabwalo zinakonzedwa kuyambira pamenepo.

Mukafika, tulukani m'mawa, wapansi. Mu Benformoso mudzakumbuka msika wa Kwachena ku Tete: a ku Bangladesh akupanga milu ya therere ndi tsabola pakhomo la golosale, fungo la mpunga wa zokometsera likutuluka m'makhitchini, pamwamba pake gogo wa Chipwitikizi akuyanika zovala pawindo. Tsiku lina ndinaima kusankha chinangwa, ndipo mayi amene anali pambali panga anathyola kansonga ndi chikhadabo kuti aone ngati n'choyera m'kati, mmene timachitira kwathu kuno. Nditawalonjera ndinapeza kuti ndi a ku Quelimane. Tinacheza mpaka wogulitsa anatibweretsera mipando.

Mwanayo akakutengereni ku Cantinho do Aziz, lesitilanti ya banja la ku Mozambique, mukadye matapa. Mukadutsenso mu Rua do Capelão, mmene munkakhala Maria Severa, woimba fado (nyimbo zachikhalidwe za Apwitikizi) amene anamwalira mu 1846. Mariza, woimba fado wotchuka masiku ano, anabadwira ku Lourenço Marques (Maputo wa lero) mu 1973 ndipo anakulira m'timisewu timeneti. Ine zimenezo zinandikhudza mtima.

Akuba alipo ndithu, makamaka opisa m'matumba mu kasitima kachikasu ka nambala 28, kamene kamanyamukira pa bwalo la Martim Moniz. Chikwama chizikhala kutsogolo. Valani nsapato zafulati, chifukwa timiyala ta m'misewu timaterera ndipo zitunda zake n'zotopetsa, ngakhale pali masitepe oyenda okha okwera kuchokera pabwalolo. Usiku wa pa 12 Juni musayembekezere tulo: ndi chikondwerero cha Santo António, anthu amawotcha nsomba za sardinha m'misewu mpaka mbandakucha. Nyama ndi mkaka musamutengere mwanayo, malamulo a kumeneko salola kulowa nazo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi lendi. Dera litakongola, eni nyumba ambiri anayamba kubwereketsa zipinda kwa alendo odzaona malo, mitengo n'kukwera, ndipo nkhalamba ndi obwera amene anapirira zaka zovuta zija ndi amene akutuluka. Mphwanga uja amagona anthu atatu m'chipinda chimodzi, ndipo anandibisira kwa chaka chathunthu poopa kuti ndidandaula. Ana athu amatero. Choncho mukakhala pansi awiriwiri, mufunseni mofatsa kuti amagona angati m'chipindamo, amalipira zingati pamwezi, ndiponso ngati mwini nyumba anamupatsa kontirakiti yolembedwa. Ngati ilipo, akuonetseni muione ndi maso anu.