Mlatho umene filimu ya Braveheart inauchotsa

Sabata yatha ndinalandira imelo ya m'bale wina wa ku Zomba. Akuti aonera Braveheart katatu konse, ndipo nthawi zonse misozi imalengeza akamaphedwa William Wallace, ngwazi ya ku Scotland imene inamenyana ndi Angerezi. Funso lawo ndi ili: "Kodi zimenezi zinachitikadi, kapena Mel Gibson, wokonza filimuyi, anangotinamiza?"

Achimwene, Wallace analipodi, ndipo misozi yanu sinapite pachabe. Anagwidwa pafupi ndi Glasgow mu 1305 ataperekedwa ndi munthu wakwawo, John Menteith. Pa 23 Ogasiti anamukwekweza ndi hatchi m'misewu ya London mpaka ku Smithfield, kumupachika, kumutsitsa akupumabe, kumutumbula, kenako kumudula mutu. Mutuwo anauzika pa London Bridge kuti aliyense wodutsa aone.

Koma zambiri za pakatipo n'zokometsera. Zovala zonga siketi zimene a ku Scotland avala m'filimu zija zinayamba patapita zaka pafupifupi 300. Utoto wabuluu kumaso anaubwereka ku nkhani za anthu amene anakhalako zaka 1,000 Wallace asanabadwe. Lamulo loti bwana wachingerezi azilowa kaye kwa mkwatibwi usiku wa ukwati lilibe umboni. Nanga Isabella wa ku France, yemwe akuti anatenga pakati pa Wallace? Pamene Wallace amaphedwa, iye anali mwana wa zaka pafupifupi 10, akadali kwawo. Anakwatiwa ndi Edward II, mfumu ya England, mu 1308, ndipo mwana wake woyamba anabadwa mu 1312. Nayo Mfumu Edward I, bambo wa Edward II, sinafe tsiku limodzi ndi Wallace monga m'filimu, inamwalira mu 1307.

Sikuti zonse zinapekedwa ku Hollywood mu 1995. Wolemba filimuyi, Randall Wallace, anatsamira pa ndakatulo yaitali ya mlakatuli wotchedwa Blind Harry, ya m'ma 1470, patatha zaka zoposa 160 mwini nkhani atafa. Harry ankatamanda ngwazi, ndipo wotamanda sachepetsa mchere. Mkazi wa Wallace wophedwa ndi Angerezi uja akuchokera mmenemo. Chimene zolemba za nthawiyo zimatsimikiza n'chakuti mu Meyi 1297 Wallace anapha William Heselrig, mkulu wa Angerezi ku Lanark. Harry sindimuda. Ankalankhula ndi anthu a m'nthawi yake amene ankaopa kuti mfumu yawo ikukondana kwambiri ndi England.

Chimene chimandiwawa ine si siketi kapena utoto. Ndi mlatho.

Nkhondo ya pa 11 Seputembala 1297 dzina lake ndi Stirling Bridge, koma m'filimu mulibe mlatho, mulibe mtsinje, muli bwalo lalikulu la udzu basi. Chonsecho mlathowo ndiwo unapambanitsa nkhondo. Unali wamatabwa, pa mtsinje wa Forth, wopapatiza moti okwera pahatchi ankawoloka awiriawiri. Tsidya linalo kunali dambo, mtsinje utalizinga ngati khola, ndipo asilikali a ku Scotland anali phee m'munsi mwa phiri la Abbey Craig, kuyang'ana. Wolemba mbiri wina wa ku England, Walter wa ku Guisborough, akuti mmawa umenewo asilikali ena a Angerezi anawoloka n'kuitanidwanso chifukwa mtsogoleri wawo, John de Warenne, anali asanadzuke. Msilikali wina amene ankadziwa malowo, Richard Lundie, anapempha kuti amupatse anthu akawolokere pa dooko lotakasuka kumtunda. Hugh de Cressingham, msungichuma wa mfumu, anakana poti kuchedwa kukudya ndalama. Choncho anayamba kuwoloka, awiriawiri. A ku Scotland anadikira mpaka atawoloka okwanira kuwagonjetsa, kenako anatsika ndi mikondo yawo italiitali n'kutseka kukamwa kwa mlatho. Amene anali atawoloka analibe kothawira, amene anatsala analibe podzera. Ambiri anamira ndi zovala zawo zachitsulo. Cressingham anafera pomwepo.

Taonani kusiyana kwake. Filimu ikutiuza kuti anapambana chifukwa cha kukuwa ndi kulimba mtima. Mbiri ikuti anapambana chifukwa chodziwa nthaka yawo ndi kuugwira mtima kwa maola angapo mdani akuonekera. Kwa ine ulemu waukulu uli pamenepo, ndipo filimu inawalanda. Umboni wake ndi Falkirk, pa 22 Julayi 1298: popanda mtsinje wowathandiza, mivi ya Angerezi inawamwaza, ndipo posakhalitsa Wallace anatula udindo woyang'anira dziko.

Robert the Bruce, amene pambuyo pake anakhala mfumu ya Scotland, nayenso filimuyi inamuipitsira mbiri pomuonetsa akumenyera Angerezi ku Falkirk, zimene akatswiri ambiri a mbiri sakhulupirira. Sanali woyera ayi: mu 1306 anabaya John Comyn m'tchalitchi ku Dumfries. Koma ndiye anagonjetsa Angerezi ku Bannockburn mu 1314, ndipo ngakhale dzina loti Braveheart (mtima wolimba) linapita kwa Wallace, mtima umene unanyamulidwadi kupita nawo kunkhondo unali wa Bruce. Atamwalira mu 1329, msilikali wake James Douglas anautenga m'kabokosi, iye n'kukafera ku Spain mu 1330, ndipo mtimawo unakaikidwa ku Melrose.

Pali munthu mmodzi amene simunamuone n'komwe, Andrew Moray. Iye ndi amene anadzutsa kumpoto kwa Scotland, n'kulanda malinga a Angerezi, ndipo pa Stirling ankatsogolera limodzi ndi Wallace. Anavulala pankhondoyo n'kumwalira chaka chisanathe, motero olakatula ndakatulo anamuiwala.

Mukafuna kumva mawu a anthu awiriwa, ilipo kalata imene inasungidwa ku Lübeck, m'dziko la Germany. Inalembedwa ku Haddington pa 11 Okutobala 1297, patangotha mwezi umodzi chichitikireni nkhondo ija. Mulibe kudzitama. Akuuza amalonda a ku Lübeck ndi Hamburg kuti Scotland yawomboledwa m'manja mwa Angerezi, abwere ndi katundu wawo kumadoko mopanda mantha. Chidindo chake chimasonyeza uta ndi muvi, ndipo chimatchula bambo ake a Wallace kuti Alan, osati Malcolm monga mwa Harry ndi filimu. Dzina loyamba pakalatapo ndi la Moray, la Wallace likubwera pambuyo.