Sikirini yakuda pa Ubuntu: musafufute kaye, onani driver wa NVIDIA

Achimwene, mwati laputopu yanu ya Ubuntu 22.04, yokhala ndi khadi ya NVIDIA GTX 1050, inkayenda bwinobwino, koma chipangireni update dzulo ikungoonetsa mdima bii ndi kamzere kothwanima pakona, ndiye mukufunsa ngati muyikemo Ubuntu mwatsopano. Ayi, dikirani kaye. Mafayilo anu onse ali momwemo, chakanika ndi kujambula pasikirini basi.

Driver wa NVIDIA, pulogalamu yoyendetsa khadi yanu yojambula pasikirini, ali ndi kagawo kamene kamalowa mu kernel, yomwe ndi mtima wa Ubuntu. Update ikabweretsa kernel yatsopano, kagawo kameneka kamafunika kogwirizana nayo. Kakasowa, kompyuta imayaka ndithu, koma ikafika poti ionetse pamene mumalembapo pasiwedi imangoti zii.

Mukadali mumdimamo, dinani Ctrl+Alt+F3, ndipo pa laputopu zina muwonjezerepo Fn. Pakabwera mawu oti login, lembani dzina lanu ndi pasiwedi. Pasiwediyo siioneka ngakhale kanyenyezi, musaganize kuti kiyibodi yafa. Zikakana, zimitsani, ndipo poyatsanso gwirani Shift kapena dinani Esc kuti menyu ya GRUB, yosankhirapo mmene kompyuta iyakire, ituluke. Pa Advanced options for Ubuntu sankhani kernel yakale, ya nambala yocheperapo. Ikayaka bwino pamenepo, mwaigwira kale mbava: driver sakugwirizana ndi kernel yatsopano. Njira ina ndi kudina e pa GRUB pomwepo, kupeza mzere wokhala ndi quiet splash, kuwonjezerapo nomodeset, kenako F10. Zilembo zidzaoneka zikuluzikulu zonyansa, koma mulowa. Imeneyi ndi ndodo yoyendera tsiku limodzi, musaikhazikitse.

Mukalowa, kaya mumdima momwemo kapena pa Terminal, zenera lolembapo malamulo, choyamba lembani sudo dpkg --configure -a kenako sudo apt -f install. Ndikuyambira apa chifukwa ine zinandionekera. Batire ya laputopu yanga inali itatha kale ntchito, magetsi anazima update ili pakati, ndipo ndinataya usiku wonse ndikuimba mlandu khadi pomwe vuto linali mapaketi otsala theka. Mizere iwiri yomweyi inandiwombola.

Kenako lembani nvidia-smi. Ikaonetsa tebulo lokhala ndi dzina la khadi ndi kutentha kwake, driver ali moyo. Ikadandaula kuti yalephera kulankhula ndi driver, ndiye zomwe ndanena zija.

Tsopano ndiuzeni zoona, driver ameneyu munamutenga kuti? Ngati munakopera fayilo yothera ndi .run patsamba la NVIDIA, ndikukayikira yomweyo. Apt, pulogalamu yoyika ndi kuchotsa mapaketi pa Ubuntu, saidziwa fayilo imeneyo, ndipo ngati poiyika simunavomere DKMS, chida chomanganso kagawo kaja pa kernel iliyonse yatsopano, kernel ikangosintha driver amatsalira. Muchotseni ndi sudo nvidia-uninstall. Ngati anachokera ku Ubuntu komweko, sesani ndi sudo apt purge '^nvidia-.*' kenako sudo apt autoremove, koma muwerenge kaye mndandanda wa zomwe ikufuna kuchotsa musanavomere. Mukatero lembani ubuntu-drivers devices, muona mmodzi walembedwa recommended, ndiye sudo ubuntu-drivers install n'kuyatsanso. Konzekerani bandulo, ndi ma MB mazana angapo. Wi-Fi ikavuta mumdimamo, lumikizani foni ndi chingwe n'kuyatsa USB tethering.

Pali msampha wina umene umakola ambiri, wa Secure Boot, chitetezo chomwe chimaunika mapulogalamu kompyuta ikamayaka. Lembani mokutil --sb-state. Ikati enabled, kernel imakana kagawo kalikonse kopanda siginecha yodalirika. Tigawo tomwe Canonical, kampani yopanga Ubuntu, imamangiratu timabwera titasainidwa, koma tomangidwa ndi DKMS pakompyuta yanu timafuna kiyi wanuwanu. N'chifukwa chake poyika mumafunsidwa kupanga pasiwedi, ndipo poyatsanso pamabwera sikirini yabuluu ya MOK, yolembetsera kiyi wanuyo. Anthu akaiona amachita mantha n'kudina Continue boot, osadziwa kuti akana driver wawo yemwe. Pamenepo musankhe Enroll MOK, muvomere, mulembe pasiwedi ija. Mukhozanso kungozimitsa Secure Boot mu BIOS, koma ngati mulinso Windows yokhala ndi BitLocker, loko wa disiki, pezani kaye recovery key yake, chifukwa ikhoza kukufunsani.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi makadi akale monga GTX 760 kapena GTX 770, driver wanu womaliza ndi 470. Musakakamize watsopano, sagwira. Akavuta, driver wina wotchedwa nouveau yemwe amabwera kale ndi Ubuntu amakwanira kulemba ndi kuwerenga pa intaneti, ngakhale pa magemu ndi waulesi.

Sikirini yolowera ikabwerera koma mukalowa n'kumathwanimathwanima, dinani dzina lanu, kenako kagiya kali pakona yakumanja pansi, musinthe pakati pa Wayland ndi Xorg, njira ziwiri zojambulira pasikirini, muone komwe yakhazikika.

Zikakanikabe, jambulani ndi foni zomwe uname -r, dkms status ndi lspci -k | grep -A 3 -iE 'vga|3d' zikutulutsa, muponye pano, ndidzaziona madzulo ndikaweruka.