Mafunso ndi Mayankho: Mwana wanga azikakhala m'boti ku zilumba za Caribbean

FUNSO

Akonzi, ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimakhala ku Chibavi muno mu Mzuzu. Mwana wanga wachiwiri, amene wakhala akugwira ntchito yophika ku Cape Town kwa zaka zisanu, wandiuza kuti walembedwa ntchito pa boti la matanga lonyamula alendo, ndipo kuyambira Disembala mpaka Epulo azikazungulira zilumba za Caribbean. Akuti mabwana ake amaitcha nthawi imeneyo nyengo yozizira, choncho ndayamba kale kumufunira majuzi pa kaunjika. Koma chikundisowetsa tulo kwambiri ndi madziwo, chifukwa kwathu ndi ku Usisya ndipo ndinakula ndikumva za sitima ya Vipya. Kodi munthu amakhala bwanji tsiku ndi tsiku m'boti miyezi yonseyi? Amadya chiyani, amasamba kuti, nanga moyo wake ndi wotetezeka?

Mayi wodera nkhawa, Chibavi

YANKHO

Mayi, palibe munthu wa kunyanja amene angapeputse nkhawa yanu. Vipya inamira mu Julayi 1946, mkatikati mwa nyengo ya mwera, ndipo inapita ndi anthu 145, kotero kuti amene anakulira m'mbali mwa nyanja yathu amadziwa kuti ulendo wa pamadzi umayamba ndi kufunsa za mphepo. Nawonso eni maboti a ku Caribbean, zilumba za kummwera chakummawa kwa dziko la America, amayambira pomwepo. Nyengo ya anamondwe oopsa kumeneko imayamba pa 1 Juni ndi kutha pa 30 Novembala, ndipo ukali wake unaoneka mu Seputembala 2017 pamene namondwe wa Irma anasakaza chilumba cha Barbuda, komanso mu Julayi 2024 pamene Beryl anagumula nyumba zambiri pa chilumba cha Carriacou. Miyezi imene mwana wanu watchula ndi imene zoopsazi zimakhala zitadutsa, n'chifukwa chake maboti ambiri amafika kumeneko mu Disembala ndi kuchokako mvula ya mkuntho isanayambe.

Majuziwo asungeni kuti adzawavale akadzabwera kuno mu Juni. Kuzizira kumene akunenako ndi kwa ku Ulaya ndi ku America, kumene alendowo amathawa. Ku zilumbako masana kumatentha madigiri apakati pa 27 ndi 30, ndipo usiku munthu amafunda kansalu kopepuka basi, osati bulangeti la chifunga cha ku Mzuzu. Chimene angafune ndi chipewa chachikulu, malaya opyapyala a manja aatali ndi jekete losalowa madzi, popeza dzuwa la panyanja limawotcha kawiri, kuchokera kumwamba ndi kuchokera pamadzi.

Tsiku limayamba kusanache bwino. Woyendetsa boti amayamba waona zanyengo pa foni kapena kumvera pa wailesi ya boti, ndipo ndi zimenezo zimene zimalamula ngati anyamuke kapena aswere pomwepo. Mphepo ya kumeneko imaomba kuchokera kummawa pafupifupi tsiku lililonse, ndipo mu Disembala ndi Januwale imalimbako moti pamipata ya pakati pa zilumba mafunde amakula. Maulendo ake sakhala aatali kwenikweni. Kuchoka kumpoto kwa chilumba cha Saint Lucia kukafika kummwera kwa chilumba cha Martinique ndi makilomita pafupifupi 40, mtunda wosasiyana kwambiri ndi wochoka ku Mzuzu kutsikira ku Nkhata Bay, koma boti la matanga limautha m'maola anayi kapena kuposerapo chifukwa limayenda makilomita 11 okha pa ola. Amayesetsa kufika dzuwa likadali pamwamba kuti athe kuona miyala ya pansi pa madzi, kenaka amaponya nangula pamchenga wa m'gombe lobisika ku mphepo. Usiku wambiri, mayi, mwana wanu azigona boti litaima pafupi ndi mtunda, akuona magetsi a m'midzi.

Koma nkhani yaikulu ya moyo wa m'boti ndi madzi akumwa, ndipo apa ndi pamene munthu wa ku Usisya angadabwe kwambiri. Ife tikakhala pa nyanja yathu timatunga, kuphikira, kuchapira ndi kusamba madzi omwewo amene bwato likuyandamapo. Kumeneko lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mchere wokwana magalamu 35, ndipo munthu akawamwa ludzu limangowonjezereka. Madzi abwino amakhala m'mathanki a pansi pa boti, ogulidwa padoko kapena osefedwa ndi makina amene amakankha madzi amchere mwamphamvu kudutsa m'sefa yothina kwambiri. Makinawo amadya magetsi, magetsiwo amachokera ku mabatire, ndipo mabatirewo amadzazidwa ndi sola kapena injini ya dizilo. Choncho wophika amene wasiya mpopi ukutuluka potsuka mbale wawononga madzi, magetsi ndi mafuta nthawi imodzi. Ambiri amatsuka ziwiya ndi madzi amchere n'kutsukuluza ndi madzi abwino pang'ono, ndipo posamba amadzinyowetsa, kutseka mpopi, kudzola sopo, kenaka n'kutsegulanso kwa kanthawi kochepa. Mayi aliyense amene anakhalapo sabata mipopi itauma amadziwa kale nzeru imeneyi, kusiyana kwake n'koti m'boti ndi ya tsiku lililonse.

Khitchini yake ndi yaing'ono moti munthu ataima pakati amafikira mbali zonse osasuntha phazi. Amaphikira gasi, mapoto amapanidwa ndi zitsulo kuti asagwe boti likapendama, ndipo botolo la gasi amalitseka akangomaliza kuphika, chifukwa gasi wotayikira amalemera kuposa mpweya ndipo amakakhazikika pansi pa boti podikira kamoto kakang'ono. Moto ndi umene anthu a m'maboti amauopa koposa mafunde. Zogula amakazitenga kumtunda ndi kaboti kakang'ono ka injini, kamene kali ngati njinga ya pakhomo: mkate, zipatso, zinyalala zokataya ndi alendo omwe, zonse zimadutsa m'menemo.

Za chakudya musade nkhawa kwambiri. M'misika ya kumeneko muli chinangwa, mbatata, nthochi zophika, therere ndi mapapaya, ndipo ku Antigua amaphika chakudya chotchedwa fungee, cha ufa wa chimanga wosakaniza ndi therere, chimene sichili kutali ndi nsima yathu. Chenjezo langa lili pa nsomba. Mwana wa kunyanja anazolowera kuti batala, chambo kapena kampango zikangokhala zaziwisi bwino ndiye kuti n'zodyedwa. Kumeneko nsomba zina zikuluzikulu za m'miyala, makamaka barracuda, zimasunga poizoni wotchedwa ciguatera amene samveka fungo, saoneka, ndiponso saphedwa ndi moto kapena firiji. Wodya amasanza, kutsegula m'mimba, kumva dzanzi m'milomo ndi m'manja, ndipo nthawi zina chinthu chozizira amachimva ngati chikumuwotcha. Popeza iye ndiye wophika, asaike mumphika nsomba ya m'miyala asanafunse asodzi a pachilumbapo.

Zilumba zambiri ndi maiko paokha, motero boti likangofika limakweza mbendera yachikasu ndipo woyendetsa amapita yekha ndi ziphaso za onse kwa akuluakulu oona zolowa ndi kutuluka. Martinique ndi Guadeloupe ndi mbali ya France ndipo amagwiritsa ntchito yuro, pamene Saint Lucia, Antigua ndi Grenada ali ndi dola yawo ya East Caribbean. Mwana wanu afufuziretu za viza ya chilumba chilichonse asananyamuke, chifukwa malamulo a chiphaso cha Malawi sangafanane ndi a anzake a m'botimo.

Chimene chimatopetsa ambiri ndi kuchepa kwa malo. Wantchito amagona pakabedi kopapatiza, amadzuka alendo asanadzuke ndi kugona iwo atagona, ndipo mphepo ikasintha usiku amadzutsidwa kukaona ngati nangula akugwirabe. Mchere umadyetsa dzimbiri chitsulo chilichonse, kotero kupukuta ndi kukonza sikutha. Masiku oyamba akhoza kumva mseru ndi chizungulire, koma ambiri thupi limazolowera pakapita masiku awiri kapena atatu.

Mukamalankhula naye, mufunseni zinthu zimene zingakuuzeni ngati ali m'manja abwino. Kodi anachita maphunziro a chitetezo cha panyanja otchedwa STCW, amene amaphunzitsa kuzimitsa moto, chithandizo choyamba ndi kudzipulumutsa pamadzi? Kodi ali ndi mgwirizano wolembedwa wonena za malipiro, masiku opuma, chipatala ndi amene adzalipire tikiti yobwerera? Kodi chiphaso chake chizibwerera m'manja mwake akamaliza zolembetsa padoko? Ngati pa mafunso amenewa akuyankha mozemba, muuzeni ayambe wakonza zimenezo asanakwere. Ndipo mugwirizane nthawi yoimbirana, podziwa kuti zilumbazo zili m'mbuyo mwathu ndi maola 6. Inu mukamatseka chitseko cha m'ma 9 koloko usiku, iye amakhala ali pa 3 koloko masana, nthawi imene nangula watsika kale ndipo mphika wa madzulo usanakwere pamoto.