Zithunzi zimenezo amachita dala, achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati kamera inali yowonongeka pa zithunzi za ku Braamfontein (dera la mu Joni) mwaona zija, zongooneka mizere ndi mitundu yosakanikirana. Ayi ndithu, amachita dala. Wojambula amasiya shutter (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) yotsegula mwina masekondi awiri uku akugwedeza kamera, nde magetsi a mataxi pa Nelson Mandela Bridge amasanduka mizere yofiira ndi yoyera, kenako pa kompyuta amasanjikiza chithunzi china pamwamba mpaka diso kumakaika kuti msewu weniweni ndi uti. Koma musaweruzire pa foni, kaoneni zosindikizidwa papepala, chifukwa sikirini imawala yokha pomwe pepala limadalira kuwala kwa m'chipindamo, mitundu imasiyana kwambiri. Mukafuna kuphunzira kuno ku Joni pitani ku Market Photo Workshop, sukulu ya kujambula zithunzi ku Newtown, anaiyambitsa wojambula zithunzi David Goldblatt mu 1989.