Mwana akufuna chemistry ya dzuwa, bambo ake akuti unamwino

Mayi wina wa ku Chilomoni walemba: "Mtsikana wanga ali Fomu 4. Akuti akufuna kudzaphunzira zosintha mankhwala pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa. Bambo ake akuti asiye zolota, apite ku unamwino. Kodi zimenezi zilipodi?"

Zilipodi mayi. Mu 1972 akatswiri a ku Japan, Akira Fujishima ndi Kenichi Honda, adaonetsa kuti titanium dioxide, mtundu wina wa mankhwala, ikawalitsidwa imathandiza kugawa madzi kukhala mpweya wa hydrogen ndi wa oxygen. Vuto ndi lakuti imangomva kuwala kwa UV, kosaoneka ndi maso, komwe ndi pafupifupi 5 peresenti chabe ya mphamvu ya dzuwa yofika pansi pano. Ndiye ofufuza amamata pamwamba pake timbewu ta golide, siliva kapena platinum, tosaoneka ndi maso. Golide amamwa kuwala wamba komwe timaona tonsefe, ndipo zitsulozi zimagwirira ma electron, tinthu ta magetsi tomwe kuwala kumamasula mu titanium dioxide, kuti asabwerere mwake asanagwire ntchito. Ma electron amenewo ndiwo amasintha mankhwala, monga 4-nitrophenol kukhala 4-aminophenol, chopangira paracetamol. Inde, Panado yemwe uja wa m'kabati mwanu.

Chimene chimandikhudza mtima ine ndi ichi: miyala ya rutile ya ku Kasiya, ku Lilongwe, ndi titanium dioxide yomweyo. Dzuwa tili nalo, miyala tili nayo, tikusowa ana athu oidziwa.

Koma musam'bisire kuti ulendo wake ndi wautali. Alimbikire Chemistry, Physics ndi masamu pa MSCE, osaiwala Chingerezi. Posankha makosi, aike patsogolo chemistry ku UNIMA ku Zomba kapena chemical engineering ku MUST ku Thyolo. Kafukufuku weniweni wa nkhaniyi amayamba pa masters, digiri yachiwiri, ndipo amafuna makina odula monga electron microscope, choncho akonzekere kudzasaka sikolashipu yakunja, mwina ku South Africa.

Nkhawa ya bambo ndikuimva, n'njachikondi. Unamwino ndi ntchito yolemekezeka. Koma muwauze kuti digiri yoyambayo payokha ili kale ndi kolowera: ma labu a Malawi Bureau of Standards, a Blantyre Water Board, mafakitale a ku Makata ndi Chirimba, ngakhalenso kuphunzitsa. Tchuthi chikubwerachi, apemphe aphunzitsi ake a Chemistry amulembere kalata yokaonera labu ina mumzinda muno, ndipo bambo ake amuperekeze okha.